Galimoto nayo iyambe yakwera pa sikelo musanaigulitse

Mwezi wa Okutobala ukafika kuno ku Mwanza, dzuwa likuswa mtengo, mutu wa mlimi umakhala pa zinthu ziwiri: feteleza ndi fizi ya ana. Iyi ndi nyengo imene mbuzi zimatsika mtengo pamsika, njinga zamoto zimapeza eni atsopano, ndipo pagalasi la galimoto zina pamayamba kuoneka pepala lolengeza kuti ikugulitsidwa.

Mu Okutobala 2024, bambo wina amene ndakhala ndikugwira naye ntchito m'kalabu ya alimi a manachesi cha ku Thambani adagulitsa kalole kake ka tani imodzi. Adakagula mu 2021 pa K4.5 miliyoni, ndalama za manachesi ndi nandolo za zaka zitatu, kuphatikizapo ng'ombe ziwiri. Tsiku limene adatsimikiza zogulitsa, adakaimika pa boma, m'mbali mwa msewu wopita kuchipata. Dzuwa lisanapendeke, anyamata awiri adali atamuwerengera K6 miliyoni. Mawa lake adandipeza akumwetulira.

"Alangizi, ndakadyera zaka zitatu, kenaka ndapindulanso K1.5 miliyoni pamwamba. Nanga munthu n'kufunanso chiyani?"

Patatha masabata atatu, mwana wake wa kusekondale adamuonetsa chithunzi pafoni. Kadali kalole komweko, nambala yomweyo, atangokatsuka ndi kusintha matayala awiri, kakutsatsidwa pa Facebook ku Blantyre pa K11 miliyoni. Ngakhale titati wogula adanenerera mpaka K9.5 miliyoni, ndalama imene idamudutsa bamboyu ikadakwanira feteleza wa munda wake wonse, fizi ya ana, n'kutsalakonso.

Anyamata aja sadabe. Adatchula mtengo, mwini wake adavomera. Kusiyana kwawo kudali kwakuti iwo amadziwa kuti kalole kotero kakuyenda pa ndalama zingati, pamene mwini wake samadziwa.

Mwina wina afunsa kuti nkhani ya galimoto ikudzatani pa tsamba la ulimi. Kwa mlimi amene ali nayo, galimoto ndi chipangizo cha ulimi ngati ngolo, pampu yothirira kapena chigayo. Ndiyo imatulutsa manachesi m'munda kuti akafike kumsika asanavunde, ndiyo imabweretsa manyowa ndi feteleza. Kupatula munda ndi nyumba, kawirikawiri ndicho chuma chachikulu pakhomopo. Takhala tikulangizana kwa zaka zambiri kuti tisagulitse chimanga pogwiritsa ntchito ndowa ya venda, komanso kuti tisagulitse manachesi akadali mumtengo tisanadziwe kuti atuluka madengu angati. Pa mbewu, Unduna wa Zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira chaka ndi chaka. Pa galimoto palibe amene adzakulengezereni. Sikelo yake muyenera kuikonza nokha, ndipo lero foni imene ili m'thumba mwanu kapena mwa mwana wanu ikhoza kugwira ntchito imeneyi.

Ine si makaniko ndipo sindigulitsa galimoto. Ndidaphunzira za ulimi. Koma masamu owerengera phindu la munda ndi omwewa akufunika pano.

Mtengo umene mudagulira usakusocheretseni

Cholakwika chachikulu ndicho kuyambira pa ndalama imene mudapereka pogula. Kale zinkamveka: galimoto ikamakalamba mtengo umatsika, ndiye munthu ukapeza ndalama yoyandikira imene udagulira umati zayenda. Masiku ano kwacha siikhala malo amodzi. Mu Meyi 2022, Reserve Bank of Malawi idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idachepetsanso ndi 44 peresenti. Kumayambiriro kwa 2022 dola imodzi ya ku America inkagulidwa pafupifupi K825 kubanki. Pakati pa Novembala 2023 idafika pa K1,700.

Taonani tanthauzo lake. Galimoto ya madola 5,000 inkafuna K4.1 miliyoni kumayambiriro kwa 2022. Galimoto yomweyo, pa madola omwewo, inkafuna K8.5 miliyoni kumapeto kwa 2023, tisanawerengere n'komwe za kusowa kwa ndalama zakunja kumene kumakweza mitengo ya katundu yense wochokera kunja. Malawi sapanga galimoto. Iliyonse imene mukuiona pamsewu idagulidwa ndi ndalama zakunja, choncho mtengo wa galimoto yanu yakale umatsatira dola ngakhale inuyo simunagwirepo dola chibadwire.

Ndiye mnzathu wa ku Thambani uja pamene ankati wapindula K1.5 miliyoni, zoona zake adaluza. Njira yapafupi yodziyesera ndi iyi: dzifunseni kuti ndalama imene mudagulira galimoto inkagula matumba angati a feteleza chaka chimenecho, ndipo imene akukupatsani lero ikugula matumba angati. Mlimi sasochera akamawerengera m'matumba.

Funso loyenera si lakuti "ndidagula zingati?" koma lakuti "munthu wofuna galimoto ngati yangayi lero, akapanda kugula kwa ine, akaipeza pa zingati?" Yankho lake limapezeka pa masikelo awiri.

Sikelo yoyamba: kuitanitsa ina kunja

Galimoto zambiri zimene alimi ndi amalonda ang'onoang'ono tili nazo, monga Toyota Probox, Sienta, Townace, Nissan Vanette, Mazda Bongo, Suzuki Carry ndi zina, zidabwera kuchokera ku Japan zitagwirapo kale ntchito. Zina zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera ku Songwe m'boma la Karonga. Zina zimatsikira ku Durban kapena ku Beira, n'kudzera ku Tete ndi Zobue, ndipo timaziona ndi maso athu zikulowa pachipata chathu cha Mwanza.

Makampani amene amagulitsa galimoto zimenezi, monga BE FORWARD ndi SBT Japan, ali ndi masamba pa intaneti pomwe aliyense amaona mitengo kwaulere. Simufunika kulembetsa kapena kulipira kuti muone. Musanatsegule tsambalo, tengani bulubuku n'kulemba zinthu izi pa pepala: mtundu wa galimoto, chaka chimene idapangidwa, kukula kwa injini, ngati imayendera petulo kapena dizilo, ngati ili ya giya wamanja kapena yosintha yokha, komanso zilembo zoyambirira za nambala ya chasisi. Zilembozi ndi zofunika chifukwa galimoto za dzina limodzi zimakhala za mibadwo yosiyana. Mwachitsanzo, Sienta yakale ija imene yadzaza m'misewu yathu imayamba ndi NCP81, ndipo simungaiyerekeze ndi Sienta ya maonekedwe atsopano. Samalaninso ndi chaka. Chaka chimene galimoto idalembetsedwa kuno si chaka chimene idapangidwa. Ambiri amati "yanga ndi ya 2019" pamene 2019 ndi chaka chimene idalowa m'dziko muno, koma idatuluka m'fakitale mu 2008.

Mukapeza zofanana ndi yanu, musatengeke ndi nambala yoyamba imene mwaona. Kawirikawiri umenewo umakhala mtengo wa galimoto ikadali ku Japan. Sankhani doko, kaya Dar es Salaam kaya Durban, ndipo tsambalo likuonetsani mtengo wophatikiza ndi sitima. Pamenepo muonjezere ndalama yoitulutsira padoko, dalaivala ndi mafuta kudzafika kuno, msonkho wa Malawi Revenue Authority, malipiro a ejenti wa kasitomu, ndi ndalama yolembetsera ku Road Traffic. Msonkho si wamasewera, ndipo umasiyana potengera mtundu wa galimoto, kukula kwa injini ndi zaka zake.

Apa ife a ku Mwanza tili ndi mwayi umene anzathu a maboma ena alibe. Maofesi a MRA ndi maejenti a kasitomu tili nawo pakhomo. Ejenti wovomerezeka amadziwa msonkho wa Probox kapena Vanette monga inu mumadziwira mtengo wa dengu la manachesi. Pitani mukafunse kuti, "Nditaitanitsa galimoto yotereyi lero, mpaka ilandire nambala, zonse pamodzi zingakwane zingati?" Funsani awiri kapena atatu, osati mmodzi. Safunsa adadya phula.

Ndalama imene mwapezayo ndi denga. Palibe munthu wanzeru angakupatseni yoposa pamenepo, pakuti angachite bwino kungoitanitsa yake imene sinalaweko misewu yathu. Koma mukadziwa pamene pali denga, mudziwanso ngati munthu akufuna kukukhazikani pansi penipeni.

Sikelo yachiwiri: anzanu akutsatsa pa zingati?

Sikelo yachiwiri ndi msika wa m'dziko momwe muno. Pa Facebook pali magulu ambiri ogulitsirana galimoto, a ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo ena amatsatsa pa WhatsApp. Lembani dzina la galimoto yanu pamalo ofufuzira, muone zimene zituluke. Musakhutire ndi imodzi kapena ziwiri. Sonkhanitsani zosachepera zisanu ndi ziwiri, za chaka choyandikana ndi yanu, ndipo mulembe mitengo yake m'kope.

Pali zinthu zitatu zoti muzikumbukira pamene mukulemba.

Choyamba, mtengo wa pa Facebook ndi wotsatsira, si wogulitsira. Aliyense amaika malo onenerera, monga momwe mayi wa tomato amayambira pamwamba podziwa kuti wogula apempha banyira. Kuti mudziwe pamene mwini angagwere, muimbireni ngati wogula, mumufunse mtengo wotsiriza. Mukaimbira anthu atatu, muyamba kuona kuti amatsika ndi ndalama zingati.

Chachiwiri, onani tsiku limene chithunzicho chidaikidwa. Mtengo wa miyezi isanu ndi umodzi yapitayo ndi wakale pa kwacha yathuyi. Komanso galimoto imene yakhala ikutsatsidwa mobwerezabwereza kwa miyezi itatu osagulidwa ikukuuzani kuti mtengo wake wakwera kwambiri kapena ili ndi vuto. Musaitenge ngati muyezo.

Chachitatu, mtengo wotsika modabwitsa muutaye. Mwina galimotoyo ilibe mapepala, mwina idachita ngozi, mwinanso kulibe n'komwe, wina akungofuna kuti anthu atumize ndalama ya chikole.

Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti njira imveke. Mwapeza galimoto zisanu ndi ziwiri zofanana ndi yanu pa mitengo iyi: K8 miliyoni, K9.5 miliyoni, K10 miliyoni, K10 miliyoni, K10.5 miliyoni, K11 miliyoni ndi K14 miliyoni. Chotsani wapamwamba kwambiri ndi wapansi kwambiri. Pa isanu yotsalayo, wapakati ndi K10 miliyoni. Mutaimba mafoni mwapeza kuti eni ake akutsika ndi pafupifupi K1 miliyoni. Ndiye kuti galimoto yotere, ikakhala yabwinobwino, ikugulidwa pa K9 miliyoni. Nambala imeneyi muiyerekeze ndi denga lija. Ikakhala pansi pake pang'ono, masikelo anu awiri akugwirizana ndipo mukhoza kuwakhulupirira.

Mukadzapita ku Blantyre ndi katundu, patulani ola limodzi mulowe m'malo awiri kapena atatu ogulitsira galimoto. Kuona ndi maso kumathandiza kudziwa ngati zimene zikutchedwa zabwino pa foni zikufanana ndi yanu.

Masikelo a eni ake

Mwana wanu akamafufuza, akumana ndi masamba amene amati ungolemba mtundu wa galimoto, chaka ndi makilomita, iwo n'kukuuza mtengo nthawi yomweyo. Ku America kuli Kelley Blue Book imene anthu akhala akuidalira kwa zaka zambiri, ndipo ku South Africa kuli masamba monga AutoTrader. Kwawoko amathandiza, chifukwa amawerengera kuchokera pa malonda a m'dziko lawo. Koma sadziwa msonkho wa MRA, sadziwa za kusowa kwa madola, sadziwa kuti kuno Sienta imasakidwa ndi anthu a matola, ndiponso sadziwa msewu wa ku Kunenekude nthawi ya dzinja. Kugwiritsa ntchito nambala yawo kuli ngati kugulitsa nandolo pa Mwanza potengera mtengo wa m'sitolo ya ku Johannesburg. Ngati galimoto yanu idachokera ku South Africa, monga mapikapu ambiri a Hilux ndi Isuzu, mitengo ya kumeneko ingakuthandizeni kupeza denga, bola muonjezere msonkho ndi mayendedwe monga tachitira ndi za ku Japan.

Ndipo tsamba lililonse limene likufuna kuti mulipire kaye, kapena mutumize chithunzi cha chiphaso chanu cha unzika kapena nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba kuti likuuzeni mtengo, litsekeni.

Chimene foni siingaone

Foni imakuuzani mtengo wa galimoto za mtundu wanu. Siingakuuzeni za yanu yeniyeniyo. Galimoto ya mlimi imakhala itasenza katundu woposa muyezo, itawoloka mitsinje, masipuling'i atagona. Apa pakufunika chilungamo, chifukwa kudzinamiza n'koopsa ngati kunamizidwa. Ndaonapo alimi akukana mtengo wabwino chifukwa adaona pa Facebook nambala yaikulu, galimoto n'kukhala pansi pa mtengo wa mango chaka chathunthu, matayala akuphwa, makoswe akudya mawaya, mpaka kudzagulitsa kwa ophwasula.

Itanani makaniko amene mumamukhulupirira, osati wobwera ndi wogula. Mumulipire kuti aione bwinobwino: injini ngati ikudya oilo kapena kutulutsa utsi, giyabokosi, kalachi, mabuleki, chasisi ngati idawotcheredwapo, dzimbiri pansi, matayala ndi batire. Akulembereni zofunika kukonza ndi mtengo wake. Pa chitsanzo chathu chija, tinene kuti wapeza matayala awiri, batire ndi kalachi, zonse pamodzi K1.2 miliyoni. Mukachotsa pa K9 miliyoni, patsala K7.8 miliyoni. Umenewo ndiwo mtengo wanu wotsiriza, woti muusunge mumtima. Potsatsa yambirani cha pa K9 miliyoni, kuti wogula akanenerera mukakumane pamalo amene inu mwakonzeka.

Zing'onozing'ono monga kutsuka, kusintha babu lakufa ndi kumanga chitseko chogwedera, chitani musanajambule zithunzi, pakuti zimabweza ndalama yoposa imene mwaononga. Koma kugwetsa injini kapena kupenta galimoto yonse pofuna kugulitsa, kawirikawiri ndalama yake siibwerera. Ndi bwino kumuuza wogula vutolo n'kutsitsa mtengo. Kubisa vuto kumabala milandu, ndipo kuno tonse timadziwana.

Mapepala ndi gawo la mtengo

Galimoto ziwiri zofanana, ina mapepala ali bwino ina ayi, sizingagulidwe mtengo umodzi. Onani ngati bulubuku ili m'dzina lanu, ngati COF ndi inshulansi zikadali ndi masiku. Alimi ambiri adagula galimoto kwa munthu amene naye adagula kwa wina, bulubuku n'kumakhalabe m'dzina la mwini woyamba. Wogula wozindikira amatsitsa mtengo kwambiri akaona zotere, chifukwa akudziwa kuti kusintha umwini ku Road Traffic kudzafuna kusaka munthu amene mwina adasamuka kalekale. Ngati mungathe, konzani zimenezi musanatsatse.

Kuno kumalire kulinso nkhani ina. Abale athu ogwira ntchito ku Joni amabwera ndi galimoto za nambala ya kumeneko pa chilolezo cha masiku owerengeka, ena n'kuisiya pakhomo kuti izithandiza kumunda. Galimoto yotere siinalipiridwe msonkho, ndipo simungaigulitse ngati ya kuno musanakambirane ndi MRA. Mukamaiyerekeza ndi mitengo ya pa Facebook, kumbukirani kuti anzanuwo msonkho adalipira kale. Chimodzimodzi galimoto imene idalowa mopanda msonkho pa chilolezo chapadera: funsani kaye ku MRA musanalandire ndalama ya munthu.

Zonsezi zikukhudzanso njinga zamoto, zimene alimi ambiri ali nazo kuposa galimoto. Denga la Lifo kapena King Lion yanu ndi mtengo wa yatsopano m'sitolo lero, osati umene mudagulira zaka zitatu zapitazo. Funsani m'masitolo, onani m'magulu a pa foni, funsaninso anyamata a kabaza amene amadziwa mtundu umene ukulimba ndi umene sipeya wake akupezeka. Njinga yogulidwa kutsidya kwa malire imene ilibe pepala la kasitomu kapena nambala imagwa mtengo, ndipo wogula amadziwa chifukwa chake.

Zimene ena anganene

Ndikudziwa kuti wina akuti, "Alangizi, foni yanga ndi ya mabatani, za intaneti ndi za ana a m'tauni." Zoona, si aliyense ali ndi foni yamakono, ndipo bandulo ndi ndalama. Koma m'mudzi uliwonse muli mphunzitsi, mlangizi wa zaumoyo, mwana wa sukulu kapena membala wa kalabu amene ali nayo. Bandulo ya tsiku limodzi kapena awiri ikukwana pa ntchito yonseyi. Yerekezani ndalama imeneyo ndi mamiliyoni amene adamudutsa mnzathu uja. Chenjezo langa ndi limodzi: amene akukufufuzirani asakhale yemweyo akufuna kugula, kapena mnzake wa wogula.

Wina akuti madobadoba ndiwo amadziwa msika, bwanji osangowasiyira? Sindikuti madobadoba ndi adani. Amadziwa ogula amene inu simungawapeze, ndipo ntchito yawo iyenera malipiro. Vuto limabwera pamene dobadoba yemweyo ndiye akukuuzani mtengo, ndiye akupeza wogula, ndiyenso akulandira ndalama. Mukatero mwamupatsa sikelo, ndowa ndi thumba lomwe. Mtengo mutchule ndinu. Gwirizanani za malipiro ake poyambirira, pamaso pa mboni, ndipo wogula mukumane naye nokha. Galimoto ndi bulubuku zisachoke m'manja mwanu kuti "akaonetse bwana".

Chodandaula chachitatu ndicho chenicheni: ndalama ikufunika lero, mvula siidikira, wodwala ali kuchipatala. Pa matenda sindingatsutse. Koma feteleza ndi fizi sizibwera modzidzimutsa. Timadziwa chaka chisanayambe kuti Okutobala adzafika. Mu Okutobala ndi Novembala ogulitsa amachuluka, ogula ndalama zawo zili ku zipangizo za kumunda, ndipo aliyense amaona pankhope panu kuti mwapanikizika. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti anthu amakhala atagulitsa mbewu, misewu ndi youma, ndipo galimoto yonyamula katundu imasakidwa. Ngati mukuona kuti chaka chino mudzagulitsa, yambani kufufuza mitengo nthawi yokolola. Ngakhale mutapanikizika chotani, masiku awiri ofufuza sangaphe munda. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwina yankho ndi kusagulitsa

Masamuwa ali ndi phindu lina. Mukadziwa denga, mwadziwanso ndalama imene idzafunike tsiku limene mudzafune galimoto ina. Alimi ambiri amagulitsa ndi maganizo akuti "ndidzagula ina ndikakolola", koma pofika nthawiyo mitengo imakhala itathawa. Tsono musanagulitse, khalani pansi ndi akunyumba, popeza galimotoyo ndi thukuta la banja lonse. Lembani mbali imodzi zimene imadya pa chaka: mafuta, sipeya, matayala, COF, inshulansi ndi dalaivala. Mbali inayo lembani zimene imabweretsa: mahayala, komanso ndalama imene mukadalipira ena kuti akunyamulireni manachesi, nandolo ndi feteleza ulendo wa makilomita pafupifupi 100 wa ku Blantyre kapena wa m'midzi momwe muno.

Ikakhala kuti ikudya kuposa zimene ikubweretsa, igulitseni mtima uli m'malo, ndipo ndalamayo ilowe mu chinthu chobala. Ikakhala kuti ikudzilipira yokha, ganizirani njira zina zopezera feteleza, monga banki mkhonde, kugulitsa ziweto zochepa, kuchepetsa munda wa chimanga kapena kuonjezera manyowa, musanataye chipangizo chimene simudzachipezanso pa mtengo umenewo.

Tsiku logulitsa

Mtengo wabwino ulibe ntchito ngati ndalama siinafike. Malonda a mamiliyoni achitikire kubanki, masana, muli ndi mboni. Uthenga wa pafoni wonena kuti ndalama yalowa si umboni, pakuti akamberembere amatha kulemba uthenga wofanana ndi wa banki kapena wa Mpamba. Funsani kubanki kapena onani nokha mu akaunti yanu musanapereke makiyi. Cheke si ndalama kufikira banki itatsimikiza. Wogula akafuna kuyesa galimoto, mukwere naye inuyo ndi munthu wina. Zolipira pang'onopang'ono galimoto itapita kale zadanitsa abale ambiri, choncho ngati mwalola zimenezo, galimoto ndi bulubuku zikhale kwa inu mpaka ndalama yomaliza.

Lemberanani kalata ya mgwirizano yokhala ndi maina, manambala a ziphaso za unzika, nambala ya galimoto, ya chasisi ndi ya injini, mtengo, tsiku, ndi mboni za mbali zonse. Kenaka pitani limodzi ku Road Traffic mukasinthe umwini. Galimoto ikatsala m'dzina lanu, tsiku limene idzagunde munthu kapena kugwidwa ndi katundu wozembetsa pamalire, apolisi adzayamba kugogoda pakhomo panu.

Mnzathu wa ku Thambani uja nyengo ya manachesi yapitayi amalipira hayala ulendo uliwonse, ndipo masiku ena zipatso zimagona m'mbali mwa msewu kudikira galimoto ya eni. Nditamuuza kuti ndikufuna kulemba nkhaniyi, adangoti, "Lembani alangizi, anzanga asadzaone zimene ndidaona ine." Ngati pakhomo panu pali galimoto kapena njinga yamoto imene mukuiganizira, ngakhale simunatsimikize zogulitsa, tengani kope sabata ino. Lembani zimene zili mu bulubuku, mitengo isanu ndi iwiri ya pa foni, yankho la ejenti wa pachipata ndi mndandanda wa makaniko. Wogula akadzafika, adzakupezeni nambala yanu muli nayo kale.